Chitseko cha Chipinda cha Ababa

Lachinayi, 17 Epulo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana, ndiponso kuti kuzizira kwa padoko kumene munkadandaula nako kuja kwayamba kuchepa. Kuno tilipo, koma kukhalapo kwake ndi kwa anthu amene ali ndi wodwala m'chipatala. Tulo ndi tochepa, zovala zikununkha mankhwala, ndipo foni ikalira mtima umayamba wadumpha munthu asanaone amene akuimba.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni tinasiyana moipa. Inu munkakuwa, ine ndinkalira, palibe amene anamva za mnzake, ndipo kuchokera tsiku limenelo foni yanu imangoitana mpaka kuduka yokha. Pepala silidula munthu pakamwa. Ndaitumiza kudzera kwa alamu kuti akupatseni pamanja, ndipo ndikupemphani muiwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pena pakulaseni.

Ababa ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti musawerenge mukunjenjemera. Akadali m'wodi ya amuna, pabedi lakufupi ndi zenera. Azakhali amakhala nawo m'mawa, ine ndimakawalandira ndikaweruka. Zina zokhudza iwo ndinena kutsogoloku, chifukwa ndikayamba nazo pano sindimaliza.

Tsiku lija munandifunsa funso, ndipo linali loyenera ngakhale munalifunsa mokalipa. Munati, "Kompyuta ingakulitse bwanji zitseko zonse n'kuiwala chimodzi, chimodzicho n'kukhala cha mwini nyumba?" Nthawi imeneyo ndinalibe yankho. Tsopano ndili nalo, koma kuti mulimve ndiloleni ndikuuzeni kaye pang'ono za ntchito yangayi, imene inu mumaitcha yosewera ndi zidole.

Pulogalamu imene timajambulira nyumba ku ofesi kwathu imaimika nyumba m'kompyuta ngati yeniyeni. Umatha kuizungulira, kuivula denga, kulowa m'zipinda. Vuto lake ndi loti zinthu zake zimamatana. Khoma likakhudza pansi zimagwirana, ukakoka chimodzi chinzake chimapindika. Ndiye kuti zisamatane timazimanga m'matumba. Thumba loterolo timalitcha gulupu, ndipo zam'kati mwake sungazikhudze pokhapokha utalitsegula podina kawiri. Thumba limathanso kukhala m'thumba linzake: chitseko m'thumba la khoma, khoma m'thumba la chipinda, chipinda m'thumba la nyumba yonse. Palinso thumba la mtundu wina lotchedwa komponenti, la zinthu zofanana monga zitseko ndi mazenera. Umapanga chimodzi n'kuchichulukitsa, ndipo zonsezo zimakhala za mimba imodzi. Ukasintha chimodzi, zinzake zonse zimasintha nthawi yomweyo, ngakhale zili kuseri kumene sukuonako.

Mukukumbukira kuti nyumbayi tinayamba kuijambula Ababa akadali ndi miyendo yonse. Ankabwera kwanga Lamulungu masana, n'kukhala pambali panga atavala jekete lawo lija la kukampani ya mabasi, n'kumalamula ngati ali pachiwongolero. "Kondakitala, khitchini yathina iyi, munthu akhotera pati?" Mpaka lero sanasiye kunditcha Kondakitala. Kenako shuga uja anadya mwendo wamanzere, madokotala n'kuudula, ndipo tinagwirizana tonse kuti nyumbayo isinthe, ikhale yoti njinga ya olumala iziyendamo. Ndinachotsa masitepe akhomo n'kuika potsetsereka. Ndinatsegula chitseko cha pabalaza n'kuchikulitsa, ndipo ndinaona ndi maso anga cha kukhitchini, cha kubafa ndi cha chipinda chanu zikukula pamodzi nacho. Ndinati basi zatheka, ndinasindikiza mapepala n'kukawapatsa a Folomani, mmisiri uja munamupeza inu.

Pafoni sindinathe kukuuzani bwino zimene zinachitika tsiku lokaona nyumba. Mudzazimva kwa ena mokokomeza, ndiye bola muzimve kwa ine.

Chilonda cha mwendo wodulidwa chinali chitauma bwino, ndipo aka kanali koyamba kuti atuluke kupita kwina osati kuchipatala. Anadzuka m'mamawa, anameta, anavala jekete lija. Phazi lotsalalo linali lotupa pang'ono, ndiye anangolowetsa patapata. A Ndevu, mnzanga wa ku ofesi amene timakhala madesiki oyandikana, anatinyamula pagalimoto yawo. Titafika, Ababa anakana kukankhidwa. Anakwera okha potsetsereka paja, mikono ikunjenjemera, ndipo atafika pakhonde anatembenuka n'kuuza amisiri kuti, "Mwaona? Giya wani, osagwira buleki." Onse anaseka. Analowa pabalaza, anazungulira kawiri, analowa kukhitchini, anatuluka chafutambuyo osakhudza khoma. Kuyambira pamene Amayi anatisiya ndinali ndisanawaone akusangalala chotero.

Kenako tinatsata kanjira kapakati mpaka kumapeto, kuchipinda chawo. Matayala anagunda felemu mbali zonse ziwiri. Poyamba anaganiza kuti alowa mokhota. Anabwerera m'mbuyo, anawongola, anayesanso. Anagundanso. Kusiyana kwake kunali kochepa, Achimwene, ngati zala ziwiri basi.

"Dikirani," anatero. "Ndinkalowetsa basi m'depoti chafutambuyo, mvula ikugwa, galasi lam'mbali litasweka. Kanjinga aka sikangandichititse manyazi."

Anayesa chafutambuyo. Zala zawo zinapanikizika pakati pa tayala ndi chitsulo cha felemu, khungu n'kusupuka. Amisiri onse anali atasiya ntchito, ataima m'kanjiramo. A Folomani anavula chipewa n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, tikunyamuleni pang'ono, njingayi tiipinde, ilowa."

"Ndani anyamule ndani?" anatero Ababa. "Kuchimbudzi andinyamule, m'galimoto andinyamule, ndiye m'chipinda changanso? Muno ndilowa ndekha."

Anamanga mabuleki a njinga, anagwira felemu ndi manja onse, anaimirira ndi mwendo umodzi. Ndinati ndiwagwire, anandiyang'ana diso lija mukulidziwa, ndipo ndinabweza manja. Analumpha kamodzi, bwinobwino. Pansi panali mchenga ndi tizidutswa tosiyidwa ndi amisiri. Atalumpha kachiwiri patapata anaterereka, ndipo anagwa ndi thupi lonse, kugwera mbali yodulidwayo. Phokoso lake ndimalimvabe. Chifuwa ndi mutu zinali m'chipinda, chiuno chili pakhomo. Buluku linayamba kuda ndi magazi pamalo pamene tinalipinda ndi pini. Tikuthamangira kuwadzutsa, iwo anatukula mutu, nkhope ili fumbi lokhalokha, n'kunena kuti, "Ndalowatu."

Chilonda chinang'ambika, koma chimenecho anachisoka. Choipa tinachiona kuchipatala, anamwino akuwavula patapata. Msomali unali utaboola patapatayo n'kulowa m'phazi lotsala lija. Ababa sanamve chilichonse, poti shuga anapha kale phazilo kuti lisamamve kuwawa. Madzulo ake ndi pamene ndinakuimbirani, n'kusiyana mmene tinasiyana muja.

M'mawa mwake sindinapite kuchipatala. Ndinapita ku ofesi, chifukwa ndikanapanda kudziwa chimene chinachitika mutu ukanandizungulira. Abwana anangondiyang'ana n'kundisiya. Ndinatsegula nyumbayo, ndinavula denga, ndinayang'ana kuchokera pamwamba. Zitseko zonse zinkaoneka zofanana. Ndinayeza cha Ababa, chinali chaching'ono. Ndinayeza zinazo, zazikulu. Ndinatsegula cha pabalaza n'kuchikulitsa dala mopitirira muyeso, kuti ndione. Zonse zinatutumuka ngati zipata za garaja, koma cha Ababa chili phee, osasuntha.

Ndinati ndichidine chokha, nyumba yonse inawala, kusonyeza kuti ndagwira thumba lakunja. Ndinadina kawiri n'kulowa. Ndinapeza thumba la zipinda zogona. Ndinalowa. Thumba la chipinda cha Ababa. Ndinalowa. Thumba la khoma. Ndinalowa, ndikuyembekeza kugwira chitseko, koma ndinapeza thumba lina lopanda dzina, ndipo m'kati mwake munali linanso lopanda dzina. Chifukwa chofulumira ndinkadina panja mwangozi, pulogalamu n'kunditulutsa, ine n'kuyambiranso. Ndinafika pomenya mawusi padesiki.

A Ndevu anakoka mpando wawo n'kukhala pambali panga. "Mayi, mukaphwanya mawusi abwana akudulani, ndipo chitseko chikhalabe chomwecho," anatero. "Siyani kudina m'chithunzimo. Tsegulani kawindo kam'mbali kaja, tione matumbawa mmene alowerana."

Kawindo kameneko kamaonetsa thumba lililonse ndi zimene zili m'mimba mwake, ngati nthambi za mtengo. Tinatsika nazo pang'onopang'ono. Matumba awiri opanda dzina aja tinapeza kuti anabwera pamene ndinkasuntha bedi ndi kabati, ndinamanga zinthu pamodzi kuti zisunthe limodzi, osazimasulanso. Pansi penipeni panali chitsekocho. Dzina lake linali lofanana ndi la zinzake, kungoti kumapeto kwake kunali kachizindikiro kakang'ono kamene pulogalamu imaika yokha.

"Ichi chinapatulidwa," anatero a Ndevu. "Si cha mimba imodzi ndi zinzake. Munachipatula chifukwa chiyani?"

Ndinati sindinachipatule ine. Ndinalumbira. Iwo sanatsutse, anangoti tionetse zobisika, poti pulogalamuyi imalola kubisa chinthu osachifufuta. Titatero, pamwamba pa chitsekocho panatuluka kazenera kakang'ono kolowetsa mphepo, kamene ndinakabisa kalekale pojambula denga. Nditangokaona ndinakumbukira Lamulungu lake. Ababa analoza pakompyuta ndi chala n'kunena kuti, "Apa undiikire kazenera. Chipinda chopanda mphepo ndi basi yotseka mawindo, wina akaipitsa mpweya mufa nonse." Ndinawauza kuti ndikaika pa chitseko chimodzi kabwera pa zitseko zonse. Iwo anati, "Enawo asaone, ndi kanga ndekha." Ndiye ndinachipatula chitseko chawo kuti chikhale pachokha, ndinaika kazenerako, tinaseka, tinamwa tiyi. Kuyambira tsiku limenelo chitsekocho chinaleka kumva za zinzake. Pamene ndinkakulitsa zonse, uthenga sunafikeko.

Yankho la funso lanu ndi limenelo. Kompyuta sinaiwale. Inachita zimene inauzidwa masiku awiri osiyana ndi munthu mmodzi.

Kukonza kwake sikunali kophweka monga ndinkaganizira. Nditakulitsa chitseko, chibowo cha pakhoma sichinatsatire, poti khoma lili m'thumba lake. Nditalowa m'khomamo n'kukankha chibowo, a Ndevu anandigwira mkono. "Taonani kuseri." Khoma la chipinda chanu, limene layang'anizana ndi la Ababa, linali litatsegukanso mpaka kudya ngodya ya bafa. Makoma awiriwo anali a mimba imodzi, lina longotembenuzidwa. Apa ndiye panafunika kupatula, pamene paja kupatulako ndi kumene kunatipweteka. Ndinapatula, ndinakulitsa, kenako ndinaona kuti mbali imene ndakankhirayo ndi yodutsa paipi ya magetsi, ndiye ndinabweza n'kukankhira mbali ya mahinjesi. Linto, mtanda wa simenti wa pamwamba pa khomo, inakhala yaifupi, yofunika kuumba ina. Tsiku lonse linathera pamenepo. Ndisanatseke ndinamasula matumba onse opanda ntchito, otsalawo ndinawapatsa mayina, ndipo ndinayeza khomo lililonse palokha, osakhulupirira kuti poti linzake lili bwino ndiye kuti ilonso lili bwino. Ndinatsitsanso zenera la chipinda chawo, chifukwa ndinazindikira kuti linali la munthu woimirira. Wokhala pansi akanangoona mitambo.

Tsopano ndafika pamene pandivuta kulemba.

Nditapita ndi mapepala atsopano kwa a Folomani, ndinawapeza atakhala pa njerwa, amisiri awo atawatuma kukasesa nyumba yonse, ngakhale kusesako kunali kochedwa. Anayang'ana pepala, kenako anati, "Mayi, pali mawu amene akundilemera. Ine khomo ili ndinaliona."

Ndinati, "Munaliona bwanji?"

"Mafelemu atabwera kuchokera kwa owotcherera, ndinawaimika pakhoma. Limodzi linali lowonda. Ndinayang'ana papepala, papepalanso ndi lowonda. Ndinati mwina ndi dala, koma mtima sunakhazikike, poti ndinkadziwa kuti mdalayo ali panjinga. Ndiye ndinaimba foni."

"Simunandiimbire ine."

"Ndinaimbira achimwene anu. Paja anandiuza kuyambira pachiyambi kuti chilichonse ndiziuza iwo, inu ndisamakuvutitseni. Anayankha ali pantchito, kukumveka phokoso la makina. Anati, 'Mlongo wanga anapita kusukulu ya zimenezi, inu mangani zimene zalembedwa.' Ndiye ndinamanga."

Achimwene, sindinama, ndinakutukwanani mumtima. Ndinayenda wapansi kuchoka pamenepo mpaka kuchipatala, ndikukuyankhani mawu onse amene munandinena pafoni, limodzi ndi limodzi. Munanditcha wosasamala. Munati sukulu yanga ndi yokongoletsa khoma. Munanena zonsezo mukudziwa kuti foni ija inalira m'thumba mwanu. Koma nditafika pageti la chipatala mkwiyo unali utaphwa, chifukwa ndinayamba kuona mmene zinalili. Munali pamwamba pa makina, katundu akulendewera, wina akukuuzani za felemu kudziko lina. Ndipo mawu amene munayankhawo, ndikawaganiza bwino, anali ondikhulupirira. Ndinazindikiranso chifukwa chimene foni yanu ikungoitana. Poyamba ndinkayesa kuti mwandikwiyira. Tsopano ndikuganiza kuti mukuopa.

Ababa sakudziwa za foni imeneyo. Azakhali sakudziwa. A Folomani ndawapempha kuti zithere pa njerwa pomwepo, ndipo alamu sindinawauze, kalatayi ndaimata. Sindinalembe izi kuti tigawane mlandu ngati nyama. Ndalemba kuti mudziwe kuti chimene mukubisacho ndikuchidziwa kale, ndipo ndikadali mlongo wanu.

Phazi lija silinachire. Linayamba kufiira, kenako zala zinada, tsopano kudako kwadutsa pa kakolo. Fungo lake ndi loti odwala anzawo anapempha kuti zenera lizikhala lotsegula, ndipo Ababa anamva akupempha. Adokotala anatiitana ine ndi azakhali n'kutiuza mosazungulira kuti mwendowo uyenera kudulidwa pansi pa bondo, apo ayi poizoni alowa m'magazi. Atawauza eni ake, anayankha kuti, "Munatenga mwendo wa kilatchi ndinakhala chete. Tsopano mukufuna wa buleki? Ayi, adokotala, galimoto imeneyi ingoimikidwa." Akana kusaina. Azakhali alira, awakalipira, awakumbutsa kuti iwo ndi akulu, koma mukuwadziwa Ababa. Abusa anabwera, anawalandira bwino, anapemphera nawo, atachoka anati, "Munthu wabwino, koma ali ndi miyendo iwiri."

Lamulungu lapitali ndinapita ndi laputopu kuchipatala. Ndinkaganiza kuti akaona chipinda chitakonzedwa mwina mtima ubwerera. Ndinaiika pa kathebulo kodyera kaja, ndinawakweza ndi mapilo. Thupi linali lotentha, milomo youma, koma maso anali awo.

"Ndi nyumba ija yondikana?" anafunsa.

Ndinati, "Yasiya kukana, Ababa. Taonani."

Ndinatsitsa diso la pulogalamu kuti lifanane ndi munthu wokhala panjinga, ndinayamba panja, ndinakwera potsetsereka, ndinadutsa pabalaza, ndinalowa m'kanjira. Tikuyandikira khomo lawo ndinaona dzanja lawo likugwira chitsulo cha bedi. Tinadutsa. Anapuma mpweya wautali.

"Chinavuta n'chiyani?" anatero.

Ndikanatha kunena kuti ndi makina, akanakhulupirira. Koma ndinawauza za kazenera kaja, ndi mmene ndinapatulira chitseko chawo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti ndinadzitsekera ndekha panja chifukwa choopa mpweya woipa. Tamva mmene ndikununkhira lero." Ndinati ayi, woyenera kuyeza ndinali ine. Anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. "Kazenerako usakachotse," anatero.

Kenako anandipempha chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati nditsitsenso disolo, lifike pa munthu wogona pabedi. Ndinatsitsa, ndinalitembenuza kuyang'ana kumwamba. Panalibe choona, denga loyera basi, ndi ngodya ya zenera. Anayang'ana nthawi yaitali kwambiri, mpaka laputopu inazima yokha. M'galasi lakudalo tinkaonekamo awiri, iwo ndi ine.

"Mchimwene wako waimba?" anafunsa.

Ndinati netiweki ya kumeneko ikuvuta masiku ano.

"Kondakitala," anatero, "ndanyamula anthu moyo wanga wonse. Nkhope ya munthu wopanda tikiti ndimaidziwa." Sanafunsenso. Anatembenukira kukhoma, ndipo ndinawafunditsa.

Kuyambira tsiku limenelo kutentha kwa thupi sikukutsika. Nthawi zina amayankhula ndi anthu amene kulibe, amaitana okwera, amafunsa ngati Amayi atseka geti. Nthawi zina amakhala bwinobwino, n'kumanyoza phala la m'chipatala ndi kufunsa za mpira. Adokotala poyamba ankanena za masabata. Tsopano akandiona amangofunsa kuti, "Mwana wawo wamwamuna uja mwamupeza?" Iwonso aona chimene tonse taona, kuti pali munthu mmodzi yekha amene Ababa angamumvere, kapena amene akumudikira. Kaya ndi ziti mwa ziwirizi, ine sindikudziwa.

Ku ofesi ndikupitabe, ngakhale ntchito sikuyenda. Nyumba iliyonse ya kasitomala ndikumaitsegula thumba ndi thumba mpaka pansi, ndikuyeza zitseko zimene ndayeza kale. Abwana anandiitana n'kunena mofatsa kuti ntchito ya tsiku limodzi ikunditengera sabata. Ndinawayankha kuti ndamva, ndipo nditabwerera padesiki ndinayambanso kuyeza. A Ndevu akumamaliza zina zanga mwakachetechete. Kunyumba kuja a Folomani agumula kale khoma, linto yatsopano aumba, ikuuma. Ndinapitako ndi njinga ya Ababa yopanda munthu n'kuikankha kudutsa pakhomopo. Inadutsa, mbali zonse kutsala malo okwana dzanja. Ndinaisiya m'chipindamo, chifukwa kunyumba kwanga ndinkalephera kuiyang'ana.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha za simenti kapena za felemu, zimenezo zidikire. Imbani. Ngati simungathe kuyankhula ndi ine, imbani pa foni ya azakhali m'mawa, ine sindikhalapo, ndipo iwo adzangoiika pakhutu pa Ababa. Simukuyenera kufotokoza chilichonse. Muwauze za makina anu, za kuzizira, za ana. Ndipo ngati akuluakulu a kuntchito angakuloleni, bwerani, osadikira tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Ndikulemba mawu amenewa ndikudziwa kutalika kwa ulendo ndi kuvuta kwake, ndipo sindikanawalemba chikhala kuti ndikuona njira ina.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze ponyamula kalata imene sakudziwa zam'kati mwake. Ana muwapsompsone, muwauze kuti zithunzi zimene anajambula zija zili pakhoma pafupi ndi bedi la agogo awo, ndipo anamwino amazitamanda. Azakhali akupereka moni, akuti ndikuuzeni kuti mawondo awo atha ndi kugwada, tsopano ndi nthawi yanu. A Ndevu akupereka moni ngakhale simunaonanepo. A Folomani akuti moni, ndipo akuti ntchito yogumulayo musaiganizire.

Ababa ndinawauza dzulo kuti ndikukulemberani, ndipo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Anali bwino nthawi imeneyo, anandizindikira, anamwa ndi madzi. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndikupatseni moni, ndikuuzeninso kuti akudziwa kuti mukamabwera simulephera kuwagulira nsapato, koma ulendo uno musavutike, mungobwera chimanjamanja. Sindinawafunse ngati akutanthauza kuti avomera zimene adokotala akufuna, kapena akutanthauza zinazo. Ndinaopa yankho. Mudzawafunse nokha.

Ndine mlongo wanu wokukondani.